Ozempic, Wegovy, Saxenda kaya Mounjaro: jakisoni wochepetsa thupi musankhe uti?

Ukatsegula ma status a anthu ogulitsa katundu wa ku Joni masiku ano, pakati pa maduveti, nsapato ndi mafuta odzola ukupezanso chithunzi cha kanthu kooneka ngati cholembera, pansi alemba kuti jakisoni wochepetsa thupi alipo, ofuna andipeze ku inbox. Nkhaniyi yafika ndithu kuno ku Dedza, ikukambidwa m'masaluni, m'masitafu rumu, ngakhale ku banki mkhonde, ndipo maina akumveka ndi omweomwewa, Ozempic, Wegovy, Saxenda, Mounjaro. Aliyense akufunsa funso limodzi, wamphamvu kwambiri ndi uti? Yankho lake lilipo ndipo ndilinena osabisa, koma kwa munthu wokhala ku Dedza kaya ku Ntcheu mphamvu ya mankhwala ibwere pambuyo. Choyamba ndi matenda amene muli nawo m'thupimo, kenako ngati mungakwanitse kumawapeza mankhwalawo mwezi ndi mwezi, enieni osati achinyengo, osungidwa pozizira, kwa zaka osati masabata.

Maina achuluka koma mankhwala ake ndi atatu basi, liraglutide, semaglutide ndi tirzepatide. Makampani ndi amene amapatsa mankhwala amodzi maina awiri, lina la odwala shuga lina la ofuna kuchepetsa thupi. Liraglutide ndi wa kampani ya ku Denmark yotchedwa Novo Nordisk, wa shuga amamutcha Victoza, wochepetsa thupi ndi Saxenda amene ku America anamuvomereza mu 2014. Semaglutide nayenso ndi wa Novo Nordisk, wa shuga ndi Ozempic wa mu 2017, wochepetsa thupi ndi Wegovy wa mu 2021. Tirzepatide ndi wa Eli Lilly ya ku America, anatuluka mu 2022 ngati Mounjaro, kenako mu 2023 ngati Zepbound, ngakhale m'maiko ambiri kunja kwa America dzina la Mounjaro likugwira ntchito zonse ziwiri. Nde munthu akakuuzani kuti wasiya Ozempic wayamba Wegovy, sanasinthe mankhwala ayi, wangosintha mulingo, chifukwa Ozempic amathera pa 2 mg pa sabata pomwe Wegovy anamukonza kuti azifika 2.4 mg. Ndipo kubaya awiriwa nthawi imodzi ndi kudzithira mankhwala amodzi kawiri, zomwe sizololedwa.

Mmene amagwirira ntchito ndi motere. Tikadya, matumbo amatulutsa homoni yotchedwa GLP-1. Homoniyi imauza kapamba, chiwalo chopanga insulin chija, kuti atulutse insulin, imachedwetsa chakudya kuchoka m'chifu, komanso imakafika ku ubongo n'kukanena kuti basi takhuta. Vuto lake n'loti yachilengedweyi imaphwanyidwa m'mphindi zochepa chabe. Chomwe asayansi anachita ndi kupanga chofanana nayo koma chokhalitsa m'magazi, liraglutide amakhala pafupifupi tsiku limodzi, semaglutide sabata yathunthu. Tirzepatide amatsanzira mahomoni awiri, GLP-1 yomweyo ndi ina yotchedwa GIP, n'chifukwa chake amamenya kwambiri. Chiyambi cha zonsezi n'chodabwitsa, mankhwala oyamba a mtunduwu, Byetta wa mu 2005, anachokera ku malovu a buluzi wina wa m'chipululu cha ku America wotchedwa Gila monster. Koma mfundo yoti muigwire ndi iyi, jakisoniyu sasungunula mafuta monga amanenera otsatsa malonda. Amangochepetsa njala. Mumaonda chifukwa mukudya pang'ono, mitanda itatu ija yasanduka umodzi, ndipo maganizo a chakudya amene ankakuvutani tsiku lonse aja amangoti zii.

Si aliyense amene akudziona kuti wanenepa woyenera kubaya. Madokotala amayang'ana BMI, kutanthauza kulemera kwanu m'makilo kugawa ndi msinkhu wanu m'mamita mutauchulukitsa ndi iwo wokha. Mayi wamtali mamita 1.6 wolemera makilo 90, timati 1.6 kuchulukitsa ndi 1.6 ndi 2.56, nde 90 kugawa ndi 2.56 ikubwera 35. Mankhwalawa anawavomereza kwa amene BMI yawo ndi 30 kupita m'mwamba, kapena 27 ngati pali matenda obwera ndi kunenepa monga BP, shuga kaya mafuta ochuluka m'magazi. Mtsikana wa BMI 24 amene akufuna kuti diresi la ukwati limukwane, ameneyo mankhwalawa si ake, angodzigulira mavuto. Ndipo kunenepa si nkhani ya m'tauni yokha monga ena amaganizira, kafukufuku wa dziko lonse wa Malawi Demographic and Health Survey wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti amayi 21 pa 100 aliwonse a zaka 15 mpaka 49 anali onenepa kupitirira muyezo.

Musanafike pa jakisoni, dokotala wabwino amayamba wafunsa kuti thupili linayamba liti kukwera. Ena linayamba atayamba jakisoni wolera wa Depo, ena atayamba ma ARV okhala ndi dolutegravir amene dziko lathu linasinthira kuyambira 2019, ena ndi prednisolone amene akhala akumwa nthawi yaitali, ena chithokomiro sichikugwira bwino ntchito. Apa ndisamveke molakwika, ma ARV sasiyidwa chifukwa cha kunenepa, mukasiya mwaputa zazikulu, kambiranani ndi a kuchipatala basi. Komanso kwathu kuno thupi lili ndi ndale zake. Ukanenepa amati bambo akunyumba akukusamalani, zikukuyenderanitu. Ukatsika makilo 15 m'miyezi yochepa, pamaliro ndi kutchalitchi amayamba kunong'onezana kuti kaya ayamba kudwala. Woyamba mankhwalawa adziwiretu zimenezo, ndipo ndi nzeru kuwauziratu a pabanja, kuti apongozi asadzadzidzimuke n'kuyamba kufunafuna amene wakulodzani.

Tsopano ku manambala aja mukufuna. Saxenda anamuyesa pa kafukufuku wotchedwa SCALE, ndipo patatha masabata 56 anthu anatsika pafupifupi 8 peresenti ya thupi lawo. Wegovy pa kafukufuku wa STEP 1, wa anthu 1,961, anatsitsa 14.9 peresenti pa masabata 68, pomwe amene ankabayidwa jakisoni wopanda mankhwala anatsika 2.4 peresenti yokha. Tirzepatide pa SURMOUNT-1, wa anthu 2,539, anatsitsa 15 peresenti pa mulingo wa 5 mg, 19.5 pa 10 mg ndi 20.9 pa 15 mg, m'masabata 72. Anawapikisanitsanso maso ndi maso. Pa STEP 8 semaglutide anatsitsa 15.8 peresenti pomwe liraglutide 6.4, ndipo pa SURMOUNT-5, yomwe zotsatira zake zonse zinasindikizidwa mu 2025, tirzepatide anatsitsa 20.2 peresenti pomwe semaglutide 13.7. Nde mndandanda wa mphamvu ndi wosakayikitsa, tirzepatide patsogolo, semaglutide pakati, liraglutide kumbuyo. Kwa mayi wa makilo 90 uja, ndiye kuti Saxenda angamuchotsere makilo pafupifupi 7, Wegovy 13, Mounjaro 18, koma taonani nthawi yake, chaka ndi miyezi, osati masabata awiri a pa TikTok aja.

Manambalawa ndi apakatikati. M'gulu lomwelo muli ena anatsika kwambiri kuposa apo ndi ena amene sikelo sinasunthe kwenikweni, ndipo palibe amene angakuuzeni musanayambe kuti inu mugwera mbali iti. Odwala shuga nthawi zambiri amatsika pang'ono poyerekeza ndi opanda shuga, Wegovy pa iwowa anatsitsa 9.6 peresenti, tirzepatide pakati pa 12.8 ndi 14.7. Komanso anthu a m'kafukufukuyo ankalangizidwa za kadyedwe ndi kulimbitsa thupi nthawi yonseyo, mankhwala ankawalandira ulere osadukiza, ndi anamwino owayang'anira. Zimenezo n'zosiyana kwambiri ndi munthu wa kwa Kaphuka amene akudikira peni ya jakisoniyo kuchokera kwa mlamu wake ku Johannesburg.

Apa ndi pomwe ine ndimaona kuti anthu ambiri akuphonya. Sikelo si chinthu chokha chomwe mankhwalawa amakonza, ndipo aliyense ali ndi umboni wake pa matenda osiyana. Ngati munadwalapo sitiroko kapena mtima, semaglutide ndi amene ali ndi umboni wolemera. Kafukufuku wa SELECT, wa anthu 17,604 onenepa okhala ndi matenda a mtima koma opanda shuga, anapeza mu 2023 kuti Wegovy anachepetsa ndi 20 peresenti chiopsezo cha sitiroko, kudwala mtima mwadzidzidzi kapena kufa ndi mtima. Ngati muli ndi shuga ndipo impso zayamba kufooka, ndi semaglutide yemweyo, kafukufuku wa FLOW anaonetsa kuti amachedwetsa kuonongeka kwa impso, ndipo ku America Ozempic anamuvomereza pa ntchito imeneyi mu Januwale 2025. Ngati vuto lanu ndi lija loliza mkonono usiku mpaka mpweya kumadukiza, m'mawa kudzuka mutu ukuwawa, masana kumawodzera pa desiki, tirzepatide ndi amene anavomerezedwa pa matenda amenewo mu Disembala 2024. Ngati thupi lakula kwambiri, BMI yadutsa 40 ndipo mawondo akukana, ndi pomwe mphamvu ya tirzepatide ili ndi phindu lenileni. Koma kwa amene akungofunika kutsika pang'ono kuti BP ndi shuga zikhale m'malo, 5 mpaka 10 peresenti imathandiza kale, nde kuthamangira wodula kwambiri n'kosafunikira.

Kabayidwe nakonso n'kosiyana. Saxenda ndi wa tsiku lililonse. Mumayamba ndi 0.6 mg, sabata iliyonse n'kumawonjezera 0.6 mpaka kufika 3 mg. Peni imodzi muli 18 mg, ndiye mukafika pa 3 mg imatha masiku 6 okha, pa mwezi mapeni 5 ndi masingano 30. Ambiri amaona mtengo wa peni imodzi n'kusangalala kuti ndi wotchipa, osawerengera zimenezi. Wegovy ndi wa kamodzi pa sabata, kuyambira 0.25 mg, kenako 0.5, 1, 1.7 mpaka 2.4, sitepe iliyonse masabata 4. Mounjaro nayenso kamodzi pa sabata, kuyambira 2.5 mg n'kumakwera ndi 2.5 pakatha masabata 4, malire ake 15 mg, ndipo si onse ofunika kukafika pamwambapo, wina pa 5 kaya 10 zimamuyendera bwino n'kukhala pomwepo. Kasingano kake n'kakang'ono kwambiri, kamalowa pansi pa khungu basi, pamimba, pantchafu kapena kumtunda kwa mkono, kumasinthasintha malo, singano yatsopano nthawi iliyonse, ndipo peni sabwerekana ngakhale ndi mchemwali wanu wa bere limodzi. Kukwera pang'onopang'onoku anakuikira dala kuti mimba izolowere. Wodumpha masitepe poti akufuna zotsatira msanga amakathera pa beseni.

Chifukwa mavuto ambiri a mankhwalawa ali m'mimba. Nseru, kusanza, kutsekula kapena kudzimbidwa, chilungulira, kugeya konunkha ngati mazira owola. Onse atatu amachita zimenezi, makamaka masabata oyamba ndi nthawi yokweza mulingo, ndipo kwa ambiri zimachepa thupi likazolowera. Chakudya chimachedwa kuchoka m'chifu, nde ganizirani munthu wabaya Lamlungu usiku, Lolemba waima pa Lizulu minibasi ikudikira anthu, wagula tchipisi cha pachiwaya chonyowa mafuta, wawonjezera kanyenya, wathira tsabola, wakankhira ndi chakumwa chozizira cha gasi. Akamafika pa Kampepuza nkhope yasintha, thukuta lili kamukamu, akupempha kondakitala jumbo. Mankhwalawa amadana ndi zamafuta ndi mbale yodzadza. Ofunika ndi kudya pang'ono, mosathamanga, kusiya mukangomva kukhuta ngakhale nsima yatsala m'mbale, osagona mutangodya, ndi kumwa madzi okwanira. Za madzizi musazipeputse, munthu akasanza ndi kutsekula masiku angapo osamwa madzi impso zimavulala, makamaka amene akumwa kale mankhwala a BP okodzetsa aja.

Pali zina zoopsa zomwe sizichitikachitika koma muyenera kuzidziwa. Kupweteka kwambiri kumtunda kwa mimba kosasiya, kolasa mpaka kumsana, kungakhale kutupa kwa kapamba, ndipo apo mumasiya kubaya n'kuthamangira kuchipatala tsiku lomwelo. Kuonda msanga kumabweretsanso timiyala m'ndulu. Amene m'banja mwawo muli khansa ya chithokomiro ya mtundu wotchedwa medullary, kapena matenda a chibadwa otchedwa MEN 2, makalata a mankhwalawa ku America amawaletsa onse atatu, palibe kusankha. Amene shuga anawaononga kale maso ayambe aonetsa maso asanayambe semaglutide, poti shuga akatsika mofulumira vutolo limatha kukula. Ngati mukupita ku opareshoni auzeni ogonetsa kuti mukubaya, chifukwa m'chifu mumatha kukhala chakudya ngakhale mwasala monga anakuuzirani. Ndipo nachi chokhudza ife kwambiri, odwala shuga ambiri kuno amalandira metformin, glibenclamide kapena insulin ku kiliniki ya shuga ndi BP. Jakisoniyu payekha satsitsa shuga mopitirira kawirikawiri, koma mukamuphatikiza ndi glibenclamide kapena insulin, uku mukudya theka la zomwe munkadya, shuga amatha kugwa mpaka munthu kunjenjemera, kutuluka thukuta, kukomoka. Mulingo wa mankhwala enawo umafunika kutsitsidwa ndi dokotala. Nde kubaya mobisa uku kukiliniki mukungolandira mankhwala mwakachetechete ndi kusewera paulimbo.

Amayi, apa pali nkhani yanu. Mankhwalawa sabayidwa muli ndi pakati, ndipo oyamwitsa afunse kaye dokotala. Semaglutide amakhalitsa m'thupi, moti ofuna kutenga pakati amauzidwa kusiya miyezi iwiri zisanachitike. Liraglutide amachoka msanga, n'chifukwa chake dokotala angamusankhe kwa mayi amene akuganiza za mwana posachedwa. Tirzepatide ali ndi kena kake, amatha kufooketsa mapilitsi olera, nde malangizo ake ndi oti muzigwiritsanso ntchito kondomu masabata 4 mutangoyamba komanso masabata 4 nthawi iliyonse mwakweza mulingo, apo ayi musinthire njira ina monga lupu kapena ya pamkono. Onjezani kuti mayi amene ankavutika kutenga pakati chifukwa cha kunenepa, thupi likatsika msambo umabwerera m'malo mwake ndipo mimba imatha kubwera osaiyembekeza.

Tsopano nkhani imene ogulitsa sainena, mukasiya chimachitika n'chiyani. Anthu a pa STEP 1 aja atasiya Wegovy anawatsatira chaka chimodzi, ndipo anapeza kuti pa makilo atatu aliwonse omwe anataya, awiri anabwerera, BP ndi shuga nazonso zinayamba kubwerera mwakale. Tirzepatide chimodzimodzi, pa SURMOUNT-4 amene anawasiyitsa anakweranso pafupifupi 14 peresenti m'chaka. Si kuti anthuwo ndi aulesi kapena adyera, thupi limalimbana kuti libwerere pomwe linali, njala imabwera yoposa kale. Choncho mankhwalawa ndi a nthawi yaitali, ndipo masamu ake muchite a chaka, osati a peni imodzi. Ku America mtengo wolembedwa wa Wegovy ndi Zepbound unali woposa madola 1,000 pa mwezi pamene ankatuluka, m'maiko ena ndi wotsikirapo ndithu, koma kwa ife chilichonse chogulidwa ndi ndalama zakunja chimakwera kwacha ikangogwa, ndipo pa windo la mankhwala la chipatala cha boma musayembekezere kukawapeza. Mlimi wa kachewere ku Bembeke amadziwa kuti kuthira feteleza wokulitsa ulibe ndalama ya wobereketsa ndi kutaya zonse ziwiri. Amene ali ndi ndalama ya miyezi iwiri yokha amathera pa masitepe oyambirira, pomwe nseru ili pachimake koma mulingo weniweni sanaufike, kenako n'kusiya, thupi n'kubwerera.

Kudukizadukiza nakonso kuli ndi mtengo wake. Saxenda mukamuphonya masiku opitirira atatu, malangizo ake ndi kuyambiranso pa 0.6 mg. Tirzepatide mukaiwala mutha kubaya pasanathe masiku 4, akadutsa mumangodikira tsiku lanu lotsatira. Mukakhala masabata angapo opanda Wegovy kaya Mounjaro poti katundu sanabwere, kubwerera pa mulingo waukulu womwe munalekera kungakudwalitseni kwambiri, nthawi zambiri dokotala amakubwezani pansi. N'chifukwa chake ine ndimati wa mphamvu yapakatikati amene famase yodalirika ku Lilongwe ikutha kukupezerani mwezi uliwonse amaposa wamphamvu kwambiri amene amabwera mwa apo ndi apo.

Nanga fuliji? Mapeni osatsegula amasungidwa pa madigiri 2 mpaka 8, ndipo akaundana aonongeka, ngakhale asungunuke musabayenso. Osaika mu fiiza kapena kugunditsa kukhoma la kumbuyo kwa fuliji. Mukayamba kugwiritsa ntchito amapirira kunja kwa fuliji bola kutentha kusapitirire madigiri 30, Ozempic masiku 56, Saxenda masiku 30, Mounjaro masiku 21 kapena 30 kutengera mtundu wa peni, werengani kapepala ka m'bokosi. Pa Dedza boma ndi ku Tsangano, m'miyezi ya Juni ndi Julayi, magetsi akathima tsiku limodzi palibe chodetsa nkhawa. Koma Dedza yomweyi ili ndi Golomoti ndi Mtakataka, Ntcheu ili ndi Sharpevale ndi Bwanje, komwe mu Okutobala m'nyumba ya malata madigiri 30 amadutsa dzuwa lisanafike pamutu. Ndipo taganizirani ulendo wa peni yochokera ku Joni ndi matransipota, kudutsa Beitbridge, Nyamapanda, kuima pa mzere ku Tete komwe kumatentha koopsa, mpaka kudzalowa pa boda ya Dedza, ili m'chikwama pansi pa katundu masiku angapo. Bokosi lifika lokongola, madzi ake oyera bwinobwino, koma mphamvu yatha kapena yachepa, ndipo ndi maso simungadziwe.

Zachinyengo nazo zilipo, si nthano. Mu 2023 ku Austria anthu anagonekedwa m'chipatala atabaya Ozempic wabodza amene munali insulin, shuga wawo anagwa moopsa. Mu Juni 2024 bungwe la WHO linachenjeza dziko lonse za semaglutide wachinyengo amene anapezeka ku Brazil, ku UK ndi ku America. Ngati zinalowa m'maiko okhwimitsa malamulo ngati amenewo, kuli bwanji pa status ya WhatsApp? Palinso timabotolo ta ufa tosungunula wekha tomwe timagulitsidwa pa intaneti, topanda dzina la kampani, ena mpaka amagulitsa masirinji othira kale osalembedwa kanthu. Zimenezo ndi zosayandikira. Kuno kwathu woyang'anira mankhwala ndi ma famase ndi Pharmacy and Medicines Regulatory Authority, ambiri amangoti PMRA, ndipo madokotala amalembetsedwa ku Medical Council of Malawi. Gulani pa famase yolembetsedwa, ndi kalata ya dokotala, muone peni ikutuluka mu fuliji, muone tsiku lothera ntchito ndi nambala ya pa bokosi ngati ikufanana ndi ya pa peni, mulandire lisiti. Wogulitsa amene sakukufunsani kalata ya dokotala, sakukufunsani za mimba, za shuga, za mankhwala ena amene mukumwa, ameneyo akufuna ndalama yanu basi.

Za mitengo mwina zisintha. Liraglutide anayamba kale kupangidwa ndi makampani ena kuyambira 2024, ndipo 2026 ndi chaka chothera umwini wa Novo Nordisk pa semaglutide m'maiko monga India, China, Brazil ndi Canada. Poti mankhwala ambiri a m'mafamase mwathu amachokera ku India, imeneyi ndi nkhani yotikhudza. WHO nayo mu Seputembala 2025 inaika mankhwala a mtunduwu pa mndandanda wake wa mankhwala ofunikira, kwa odwala shuga onenepa amene alinso ndi matenda a mtima kapena impso. Tirzepatide yekha akhalabe m'manja mwa Eli Lilly kwa zaka zambiri, nde wosankha lero aganizirenso kuti ndi uti amene angadzatsike mtengo iye akadali pa mankhwala.

Chinanso chomwe sikelo siikuuzani, makilo otsikawo si mafuta okhaokha, gawo lina ndi minofu. Kwa wachinyamata mwina sizioneka msanga, koma kwa mayi kaya bambo wa zaka 60 kutaya minofu ndi kuyamba kuvutika kudzuka pamkeka. Njala ikachepa, kanthu kochepa komwe mukudyako kakhale kopatsa thanzi, nyemba, soya, mazira, usipa, matemba, nsinjiro m'ndiwo zamasamba, nyama ikapezeka. Nsima muchepetse koma ndiwo zisachepe, zosiyana ndi mmene tinazolowerera, mtanda waukulu ndiwo zongonyambitira. Ndipo thupi ligwire ntchito yolemetsa, khasu, kunyamula madzi, kukwera chitunda, a m'maofesi pa boma phiri la Dedza lili pomwepo Loweruka lililonse. Mowa, kaya wa m'botolo kaya masese, umawonjezera nseru komanso kwa a shuga umagwetsa shuga.

Mukapita kwa dokotala tengani buku lanu la kuchipatala ndi mankhwala onse amene mukumwa, ngakhale azitsamba ndi matiyi ochepetsa thupi aja. Akuyezeni sikelo, msinkhu, chiuno, BP, shuga ndi impso musanayambe, kuti mudzakhale ndi poyerekezera. Mumuuze zoona za thumba lanu, kuti pa mwezi mungakwanitse zingati ndipo kwa miyezi ingati, chifukwa zimenezo zimasintha zomwe angalembe. Mugwirizanenso tsiku lodzaonana kuti muone ngati zikugwira. Saxenda ali ndi lamulo lake lolembedwa, ku America amati pakatha masabata 16 osatsika ndi 4 peresenti musiye poti sakuthandizani. Kwa mayi wa makilo 90 uja ndi makilo pafupifupi atatu ndi theka. Pa enawo madokotala ambiri amayang'ana ngati mwatsika ndi 5 peresenti patatha miyezi ingapo muli pa mulingo wokhazikika. Zikakanika, kapena mimba ikakana mpaka kulephera kugwira ntchito, kusinthira ku wina n'kotheka, ena amene semaglutide anawakana tirzepatide amawayanja, enanso mosemphanitsa. Koma posintha simutengera nambala ya wakaleyo, 2.4 mg ya Wegovy ndi 2.5 mg ya Mounjaro zikuoneka zoyandikana koma woyambayo ndi mulingo waukulu pomwe winayo ndi woyambira, nde dokotala ndi amene akuuzeni poyambira ndi tsiku lobaya woyamba.